Msuzi wokha sukuza mwana: tiyeni tiumbe zitumbuwa za nsomba

Lero tilowe limodzi kukhitchini, tikambirane za nsomba yaiwisi ndi mwana wamng'ono.

Ku sikelo ndimakonda kufunsa mayi aliyense amene mwana wake sakukwera bwino kuti, "Dzulo mwanayu anadya chiyani?" Ambiri amayankha mosangalala kuti, "Nsima ya nsomba, anamwino." Ndikafunsitsa, ndimapeza kuti mwanayo anadya nsima yosunsa mumsuzi, pamene nsomba yeniyeniyo inathera m'mbale ya akuluakulu. Chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi, kaya ndi mayi wa ku Nambuma, wa ku Mvera, wa ku Malomo kapena wa ku Nthondo: "Ndimaopa munga ungamuime pakhosi."

Mantha amenewa ndi oona, ndipo sindingakusekeni. Pantchito yanga ndalandirapo ana obwera usiku akutuluka dovu, akukanika kumeza chifukwa cha munga. Koma taonani chimene manthawo amabala. Mwana amafika zaka zitatu akungomva fungo la nsomba, mnofu wake osaulawa. Msuzi ndi madzi, tomato, mchere ndi timafuta pang'ono. Zomanga thupi zambiri zimatsala mumnofu. Mwana wodyera msuzi amakhuta ndithu, amagona tulo, koma thupi lake silipeza zomangira.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo 63 mwa 100 a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi. Kupinimbira sikuonekera tsiku limodzi ngati malungo. Kumabwera mwakachetechete m'masiku 1000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kumakhudza msinkhu, kumakhudzanso bongo, ndipo zikadutsa zaka zimenezi kubweza kwake n'kovuta. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsana ku sikelo, la zanyama ndi limene limasowa kwambiri m'mbale ya mwana wa kuno kumapiri. Mbuzi timaweta, koma timazinga pa ukwati, pa maliro kapena pa Khirisimasi. Nkhuku imadikira mlendo. Nsomba ndiye ndiwo ya zanyama imene imalowa m'nyumba zathu kawirikawiri. Choncho ikalowa, isamudutse mwana.

Njira imene ndikufuna ndikupatseni ndi ya zitumbuwa za nsomba. Mumachotsa minga yonse muli phee dzuwa likuwala, mnofuwo n'kuusakaniza ndi mbatata, dzira ndi masamba, kenako n'kuumba timibulu tathyathyathya. Mwana amagwira yekha m'manja n'kumadya inu mtima uli m'malo. Ubwino wina ndi wakuti nsomba ziwiri zimene zikanathera anthu awiri zimakwanira nyumba yonse.

Tiyambe ndi nsombayo. Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tili kutali ndi nyanja. Yaiwisi ya kunyanja imakwera phiri kuchokera ku Salima kudzera ku Mvera ndi pa Chezi, kapena kuchokera ku Nkhotakota kudzera ku Malomo, ndipo nthawi zambiri imayenda padzuwa popanda ayezi. Yaiwisi yeniyeni imene tingaidalire ndi yapafupi: makumba ndi chilunguni za m'maiwe amene alimi anzathu anakumba m'madambo, milamba ndi matemba a mumtsinje wa Bua ndi timitsinje tina. Mukamva kuti mnzanu akukolola dziwe lake, pitani m'mamawa ndi beseni lanu loyera.

Pogula, gwiritsani ntchito maso, mphuno ndi chala. Maso a nsomba yabwino amakhala owala ndi otukuka, osati olowa m'kati kapena otuwa. Tsegulani m'mbali mwa mutu momwe imapumira, muyenera kukhala mofiira bwino, osati motuwa kapena monanda. Dinani mnofu ndi chala. Ukabwerera msanga, ili bwino, koma pakatsala kadzenje, isiyeni. Mimba ikhale yolimba, yosaphulika. Fungo likhale la madzi basi. Nsomba yonunkha musamati tiikonza ndi tsabola kapena mandimu, chifukwa moto suchotsa zoipa zonse za nsomba yoola. Musagulenso nsomba zophedwa ndi katupe kapena mankhwala a kumunda, kapena zimene zangopezeka zitafa zikuyandama.

Si nsomba iliyonse imene imasankhika minga mosavuta. Makumba, chilunguni ndi chambo zili ndi msana umodzi ndi nthiti zooneka bwino, ndiye n'zabwino kuyambira. Mlamba uli ndi mnofu wambiri ndi minga yochepa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu simudya nsomba zopanda mamba chifukwa cha chipembedzo, ndipo palibe chovuta, tengani makumba. Mpasa ndi matemba zili ndi timinga tating'ono tobisala m'kati mwa mnofu. Zimenezi musavutike kuzisankha ndi zala, ndikuuzani njira yake kutsogoloku.

Mukafika nayo kunyumba, musaisiye m'beseni mpaka madzulo. Sambani m'manja ndi sopo, ipaleni mamba, itumbuleni, chotsani zam'mimba ndi zofiira za m'mutu zija, kenako itsukeni ndi madzi a pa mjigo kapena othira kolorini. Madzi a mumtsinje momwe yachokera si otsukira chakudya. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mpeni ndi mbale zimene zakhudza nsomba yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanadulirepo tomato kapena chipatso cha mwana.

Zofunika pa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi izi:

Nsomba ziwiri kapena zitatu zazikulu ngati chikhato cha munthu wamkulu.
Mbatata zitatu kapena zinayi zapakatikati, za kachewere kapena za kholowa.
Dzira limodzi.
Ufa wa mgaiwa masupuni akuluakulu atatu kapena anayi.
Anyezi mmodzi wamng'ono.
Bonongwe, nkhwani kapena masamba a chamwamba odzaza dzanja limodzi.
Madzi a theka la ndimu.
Mchere wa ayodini pang'ono.
Mafuta ophikira masupuni atatu kapena anayi.

Ngati muli ndi mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kaphulira kapena Kadyaubwerere, sankhani imeneyo. Ili ndi Vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo kutsekemera kwake ana amakukonda.

Ikani nsomba mupoto ndi madzi ochepa, ongofika pakati pa nsombazo. Vundikirani, ziwire pamoto wodekha kwa mphindi pafupifupi 10, mpaka mnofu uyere wonse ndi kuyamba kusiyana ndi msana. Zivuuleni, muziike m'mbale yathyathyathya kuti zizizire. Madzi otsala mupoto musataye. Asefeni ndi sefa kapena kansalu koyera kuti minga itsale, ndipo muwaphikire phala la mwana kapena masamba a tsiku limenelo.

Tsopano pafika ntchito yeniyeni. Sambaninso m'manja, tulukani panja powala, khalani pansi. Ntchito iyi si yogwira m'khitchini mwa utsi, kapena usiku ndi tochi ya foni. Chotsani mutu, zipsepse zonse pamodzi ndi timinga ta m'munsi mwake, ndi khungu. Tsegulani nsomba pakati, nyamulani msana wonse. Chotsani nthiti imodziimodzi. Kenako tengani mnofu pang'onopang'ono, muziufikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kumauika m'mbale ina. Munga umene diso laphonya, chala chimaumva. Mukamaliza, bwerezani kachiwiri mnofu wonsewo. Ine kwathu kachiwiriko ndimapatsa munthu wina, chifukwa zala zimene zatopa zimayamba kukhululukira. Musapatse mwana wamng'ono ntchito imeneyi, ndipo musaigwire mukucheza ndi alendo.

Mbatata isendeni, iphikeni mpaka ifewe, tsanulani madzi onse, ibwezereni pamoto pang'ono kuti nthunzi ituluke, kenako ipoteni ndi mthiko. Mbatata yamadzimadzi ndi imene imachititsa zitumbuwa kumwazika pachiwaya. Masamba aja awiritseni mphindi ziwiri kapena zitatu popanda soda kapena chidulo, chifukwa soda amaononga mavitamini ena a m'masamba. Afinyeni, muwadule tinthu ting'onoting'ono. Anyezi naye mumudule mosalala.

Mbatata ikazizira, thirani mnofu wa nsomba, masamba, anyezi ndi madzi a ndimu. Dzira liswereni kaye m'kapu kuti muone ngati lili labwino, kenako lithireni. Onjezani ufa pang'onopang'ono mukusakaniza, mpaka zigwirane moti mukaumba sizikumata m'manja. Musanathire mchere, patulani gawo la mwana amene sanakwanitse chaka. Impso zake n'zanthete, safunika mchere woonjezera. Tsabola adikire m'mbale ya akuluakulu.

Umbani timibulu tokula ngati dzira, tiphwathalitseni kuti kuchindikala kwake kukhale ngati chala. Mukatikulitsa, kunja kumapserera m'kati musanapse. Tigubuduzeni mu ufa pang'ono, tisiyeni palichero mutavundikira kwa mphindi 10 kuti tilimbe. Muyezo umenewu umatulutsa zitumbuwa 10 kapena 12.

Ikani chiwaya pamoto wapakati, thirani mafuta ongonyowetsa pansi. Sitikuzimiza m'mafuta ngati mandasi. Mafuta akatentha, yalani zitumbuwa mosathinana, ndipo musazigwedeze. Dikirani mphindi zitatu kapena zinayi mpaka pansi pafiirire, tembenuzani kamodzi, mbali inayo ipsenso chimodzimodzi. Nyemani chimodzi muone. M'kati muyenera kutuluka nthunzi, dzira lisaoneke laliwisi.

Mwina mukuti, "Anamwino, mafuta akwera mtengo, ife tiwapeza kuti?" Zitumbuwazi zimatheka popanda kukazinga. Thirani nsinjiro masupuni awiri posakaniza paja, chifukwa nsinjiro zili ndi mafuta akeake. Kulungani m'masamba a nthochi owauka pamoto monga timachitira ndi mkate, yalani timitengo pansi pa poto, thirani madzi pang'ono, zipse ndi nthunzi kwa mphindi 20. Kapena pakani poto timafuta, yalani zonse pamodzi, ikani makala pamwamba pa chivundikiro ngati mukuphika chigumu. Za nthunzi zimafewa kwambiri, ndipo ndi zimene ndimalangiza kwa ana amene mano sanakwane. Koma mtedza wosinja nsinjiro muusankhe bwino. Wachuku, wofota ndi wowawa utayeni, chifukwa chuku chimaononga chiwindi ndipo moto suchipha. Dzira likasowa, onjezani mbatata ndi supuni imodzi ya ufa wa soya wokazinga.

Nanga masiku amene yaiwisi kulibe, omwe ndi ambiri kuno kwathu? Apa m'pamene matemba, usipa ndi bonya zimalowa. Sankhani zouma bwino, zopanda chuku, zopanda tizilombo ndi fungo la mankhwala. Zitsukeni msangamsanga kuti mchenga uchoke, ziyanikeni, zikazingeni popanda mafuta pamoto wochepa mpaka zizithyoka, kenako zisinjeni mumtondo woyera zonse ndi mitu yomwe. Sefani, zotsala pasefa musinjenso. Masupuni atatu kapena anayi a ufa umenewu amalowa m'malo mwa nsomba zaziwisi zija. Matemba aawisi a mumtsinje muwayanike kaye kapena muwawambe mpaka aume, kenako muchite chimodzimodzi. Musaone ngati izi n'zaumphawi. Tinsomba todyedwa tathunthu, mutu ndi minga yomwe, timapereka kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano, ayironi wothandiza magazi, ndi zinki, kuposa mnofu wokha wa nsomba yaikulu. Ufa wotsala usungeni m'botolo louma lotseka bwino, muzithira supuni imodzi m'phala la mwana, ndipo muzisinja wochepa wotha msanga.

Kadyetsedwe kake kamatengera msinkhu. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi wa bere lokha, ngakhale madzi osamupatsa. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8, nyenyani kachidutswa ka chitumbuwa, kafeweseni ndi mkaka wa m'mawere kapena msuzi wosefa uja, mumudyetse ndi supuni. Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu. Pa msinkhu umenewu adye kawiri kapena katatu patsiku, kuphatikiza kuyamwa. Kuyambira miyezi 9, mudulireni tizidutswa tofewa toti azitola yekha, ndipo adye katatu kapena kanayi patsiku. Akakwanitsa chaka, mpatseni chathunthu m'manja, chimodzi pa nkhomaliro, china chapakati pa chakudya. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Mwana adye atakhala pansi, atasamba m'manja, m'mbale yakeyake, inu muli pambali. Akadyera limodzi ndi akulu ake, iye akamamaliza kutafuna koyamba anzake amakhala atapukuta mbale. Akakana tsiku loyamba musataye mtima. Ana ambiri amafuna kulawa chakudya chatsopano kangapo asanachizolowere. Pomaliza mpatseni chipatso cha nyengoyo, kaya papaya, mango, gwafa kapena nachesi, chifukwa Vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, ndiye asamwere chakudyachi.

Ngati n'koyamba kuti mwana adye nsomba kapena dzira, muyang'anitsitseni. Akatuluka zidzolo zoyabwa, akatupa milomo kapena maso, akasanza mobwereza, siyani kumupatsa ndipo pitani naye kuchipatala. Akayamba kubanika kapena kulira m'chifuwa popuma, musadikire kuti kuche.

Ndinenenso za munga, poti ngozi siilonjeza. Munga ukaima pakhosi, musamumezetse mwana mbamu yaikulu ya nsima kapena nthochi monga tinazolowera. Mbamuyo ikhoza kuukankhira m'kati n'kung'amba kummero. Musapisenso chala kukhosi kufunafuna chinthu chimene simukuchiona. Ngati akupuma bwino koma akumva kubaya pomeza, msiyeni osadya ndipo thamangirani naye kuchipatala. Ngati watsamwa moti sakutha kulira, kutsokomola kapena kupuma, mugonekeni chafufumimba pamwendo panu mutu uli chakumunsi, mumenyeni kasanu ndi chikhato pakati pa mapewa. Kwa khanda losakwana chaka, zikakanika mutembenuzeni, dinani kasanu ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa, ndipo bwerezani zonsezi wina akuitana njinga kapena galimoto.

Zitumbuwa za nsomba si zogoneka. M'nyumba yopanda firiji zidyedwe zikadali zotentha, ndipo zisapitirire maola awiri zili pambale. Zivundikireni kuopa ntchentche. Musaike m'chikwama cha mwana wa sukulu m'mamawa kuti akadye masana. Phikani zokwana kudya nthawi imodzi, ndipo nsomba zotsala muziwambe kapena kuziyanika tsiku lomwelo.

Abambo, apa ndalankhula kwambiri ndi amayi, koma nkhaniyi ndi yanunso. Mwambo wathu umati mbale yabwino ipite kwa mwini mudzi, ndipo ulemu umenewo sindikuulanda. Koma thupi lanu linamaliza kukula. Amene akumanga mafupa, magazi ndi nzeru panopa ndi kamwana kamene kakukwawa pakhondepo, ndi mayi ake ngati ali oyembekezera kapena akuyamwitsa. Mukabwera ndi nsomba kuchokera kumsika wa pa Mponela kapena pa Madisi, nenani nokha kuti, "Yambani mwapatula ya mwana." Mawu amenewo akachokera kwa inu, mayi sachita mantha kuti anenedwa. Ndalama za fodya, soya kapena mtedza zikalowa, kumbukirani kusiyako ya usipa ndi mazira a miyezi ya njala. Ndipo ngati ndinu amene mumakawedza, neti ya udzudzu isapite kumtsinje. Imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, kwinaku ana anu akugona pamtetete udzudzu ukuwaluma. Anyamata amene amalowa m'madzi a m'dziwe pokolola muziwafunsa za mkodzo wawo. Ukaoneka magazi, ameneyo akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Agogo, inu ndi amene mumatsala ndi adzukulu makolo akapita kumunda, ndipo mawu anu pakhomo amalemera. Enafe tinakula tikumva kuti mwana akadya mazira adzadwala khunyu kapena adzakhala wakuba, ndiponso kuti mayi woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Dzira silibweretsa zimenezo. Lophika bwino ndi chakudya chabwino kwa mayi woyembekezera ndi kwa mwana kuyambira miyezi 6. Zala zanu zasankha mpunga ndi nyemba zaka zambiri, ndiye pa ntchito yosankha minga palibe angakuposeni.

Chitumbuwa cha nsomba si mankhwala. Mwana amene watupa mapazi, tsitsi lasanduka lofiirira ndi lonyozoka, wafooka, akukana kudya, kapena sikelo yake ikutsika, apite kuchipatala lero lomwe kapena mukaonane ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kumeneko amuyeza mkono ndi kumupatsa chithandizo choyenera. Zimene takambiranazi n'zoti mwana asafike pamenepo.

Sabata ino, nsomba ikapezeka, yesani ngakhale ndi imodzi yokha ndi mbatata ziwiri. Itanani mnzanu wa nyumba yoyandikana, wina abweretse dzira, wina nkhuni, musankhe minga awiriwiri, ana a nyumba zonse ziwiri adye. Mwezi wamawa musaiwale kubwera ndi buku la mwana ku sikelo.